Mkwatibwi wa Achimwene a Noriyuki

Kawaguchi, 14 Epulo

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wanga. Ine ndili bwino, chifuwa chija chinatha ndisanatsike n'komwe m'sitima. Kaya inu ndi bondo lanulo? Musamakwere makwerero m'munda wa zipatso za matcheri muli nokha. Maluwa akatseguka itanani aneba athu a Konno adzapake mungu, inu muzingoloza mitengo muli pansi.

Ntchito ndayamba. Akakufunsani kumeneko muziti Tomoe ali kwa Aphunzitsi a Karasawa, basi. Amene sakuwadziwa ndiye kuti sawerenga nyuzipepala. Anayamba ndi kujambula manga, timabuku ta nthano za zithunzi tija achimwene ankabisa kuseri kwa matumba a feteleza. Lero tsamba limodzi lomwelo amalikuza mpaka lidzaze khoma, n'kulikuta ndi golide ngati zotchinga za m'nyumba za akuluakulu akale, ndipo olemera a kunja amachita kulimbirana. Malo athu kale anali fakitale yosungunula zitsulo. Tilipo khumi ndi asanu ndi anayi. Mafoni timasiya m'bokosi pakhomo, ndiye musadabwe kuti mwana wanu wa digiri akulemba kalata ngati munthu wakale.

Aphunzitsi sagwira burashi. Amajambula kakang'ono papepala, kalowe m'kompyuta, ife n'kukasamutsira pa chinsalu. Timapaka utoto, uume, tikweche ndi sandipepa, tipakenso, choncho mpaka kakhumi ndi kasanu, kufikira pasaoneke kuti panadutsa dzanja la munthu. Zaka zinayi ku koleji ankandiphunzitsa kuti dzanja langa lizidziwika, kuno andilemba ntchito yolifafaniza. Sabata yonseyi ndakwecha mtambo umodzi. Mtambo, Amayi! Koma ine sindikhalitsa pa mitambo. Ndipatseni chaka chimodzi.

Lamulo lalikulu la muno timalinena tonse m'mawa titaima pamzere: chimene diso silinaone, dzanja lisajambule. Ngakhale galu wa pakona pa chithunzi ayenera kukhala galu amene winawake anamuonadi. Pakafunika khamu la anthu, timaimirirana tokhatokha n'kumajambulana.

Pafupi nane pamakhala mtsikana wina, Kozue, wa kuzilumba za kummwera. Wakhala muno zaka zisanu. Tsiku loyamba lomwe anandiuza kuti, "Iwe wa kumapiri, bwanji ukamalankhula sutsegula pakamwa? Ukuopa kuti chipale chofewa cha kwanucho chilowamo?" Ndinati, "Nanga iwe pakamwa pali yasa ngati nsomba yoyanika, ukudikira chiyani?" Anaseka mpaka anatayira utoto pa nsapato. Basi chinansi chinayambira pamenepo.

Za chithunzi cha achimwene a Noriyuki ndinamva, munanena katatu pa siteshoni. Mukufuna ndijambule ukwati wawo pathabwa, likapachikidwe ku kachisi wa paphiri pa chikumbutso chawo mu Novembala, chipale chisanatseke njira. Ndichita. Koma ndinene poyera: munthu anaterereka padenga akuchotsa chipale, anafa, papita zaka zisanu ndi chimodzi. Ine sindikhulupirira kuti ali kwinakwake akudandaula kuti anapita asanakwatire. Ndijambula chifukwa cha inu, komanso kuti musapite kwa mayi ojambula a kutsidya aja, amene akwatibwi awo onse amaoneka ngati mbatata yovekedwa nsalu. Chenjezo lanu lija ndaligwiranso: mkwatibwi asakhale ndi nkhope ya munthu wamoyo, kuopa kuti wakufayo angamutenge. Ndamva, musalibwerezenso m'kalata.

Ndine mwana wanu,
Tomoe

Kawaguchi, 26 Meyi

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Kuno thupi lili bwino, kupatula zala zimene zasupuka ndi sandipepa. Mpunga unafika. Musatumizenso wambiri choncho, chipinda changa ndi chaching'ono, thumba ndi ine tikulimbirana pogona. Kangachepe kamene ndaika mu envulopumu ndi ka anthu othyola matcheri. Muwauze abwere m'mawa kusanatenthe, ndipo mapulasitiki a pamwamba pa mitengo akokedwe mvula isanayambe, musadikire kuti zipatso ziyambe kung'aluka ngati chaka chatha.

Mwandifunsa za thabwa. Ndinagula labwino, la mkungudza, kukula kwake ngati thireyi yanu yaikulu ija. Achimwene sanandivute. Ndinatenga chithunzi chawo cha ku gulu lozimitsa moto, chija akuseka dzino lothyoka lili poyera, n'kuwaveka zakuda za mkwati. Madzulo amodzi okha anali atakhala kale pathabwapo. Ndinachita kulitembenuzira kukhoma kuti ndidye bwino.

Mkwatibwi ndiye wandisautsa. Ndayesa nkhope makumi anayi zochokera m'mutu. Zina zimatuluka zidole za maso ngati mbale, zina zimatuluka zopanda munthu m'kati. Ndikaziika pafupi ndi achimwene zimakhala ngati ndikuwanyoza. Palibe anandiphunzitsa kujambula munthu amene kulibe, Amayi. Ku koleji ankatiikira munthu patsogolo, kuno akuti diso liyambe laona. Mwambo wanu wokha ndiwo ukufuna zosiyana ndi dziko lonse.

Lachitatu masana tinakhala pa masitepe a kuseri, Kozue akudya chibumu cha mpunga. Anatembenuka kuyang'ana sitima ikudutsa, dzuwa linamugwera patsaya, ndipo dzanja langa linangoyamba lokha kumujambula. Atazindikira anati, "Iwe, ukundiba nkhope osapempha? Tiye ndione." Ataona kuti ndamuveka zoyera za mkwatibwi anafuula, "Eee, wandikwatitsa! Mwamunayo ndi wamtali? Ali ndi galimoto? Ngati ndi wa kwanu kozizirako umuuze ine sindichotsa chipale cha munthu ndi fosholo." Ndinati ndi wamtali ndithu, ndipo ndi wofatsa, salankhula. Anati, "Ameneyo ndiye wanga, ndizilankhula ndekha."

Musayambe kudandaula. N'zoyeserera chabe, papepala wamba. Pathabwa ndidzaika nkhope ina. Kungoti nditaika pepalalo pafupi ndi achimwene, anaoneka ngati anthu amene anadziwana kalekale.

Ndachoka pa mitambo, tsopano ndili pa tsitsi. Ena anatenga zaka ziwiri kuti afike pa tsitsi.

Mwana wanu,
Tomoe

Kawaguchi, 30 Juni

Amayi okondedwa,

Moni, moni! Ndili bwino kwambiri, ndipo kalata ino muiwerenge mutakhala pansi. Ndamva kuti matcheri agulidwa bwino chaka chino. Mugule nsapato zenizeni za m'munda, zija zang'ambikazo mutaye.

Pepala lija linagwa m'kope langa pa nthawi ya msonkhano wa m'mawa, n'kukagwera pa mapazi a Aphunzitsi enieniwo. Ndinali nditajambulanso achimwene pambali pa mkwatibwi kuti ndione mmene akukhalira. Analitola. Muno munthu ameneyu akakhala chete, ngakhale makina opopera utoto amakhala ngati asiya kupuma.

"Cha ndani ichi?"

"Changa, Aphunzitsi. Pepani."

"Sindinafunse za pepani. Mtsikanayu ndikumudziwa, ndi uyu wa phokosoyu. Mnyamatayu ndani? Bwanji akuoneka ngati waima patali chikhalirecho ali pafupi?"

Ndinafotokoza zonse za mukasari, mmene kwathu timajambulira ukwati wa mwana amene wafa asanakwatire, n'kukaupachika ku kachisi kuti kumeneko asakhale yekha. Ndinanenanso za chenjezo lija, ndikuseka kuti asandiyese wa kumudzi. Iwo sanaseke. Anati, "Wakufa ndi wamoyo pa tsamba limodzi. Zaka makumi atatu ndakhala ndikufunafuna chimenechi, iwe umangoyenda nacho m'kope ngati risiti?"

Amayi, chikhala chithunzi chachikulu cha chionetsero chawo cha mu Novembala ku Tokyo, kenako chiwoloka nyanja. Msinkhu mamita atatu, m'litali asanu ndi limodzi, chogawidwa m'zigawo ngati tsamba la manga, kumbuyo golide yekhayekha. Nkhope ya mkwatibwi andipatsa ine ndekha. Ndipo dzina langa lilembedwa pakhoma, pansi pa lawo. Chiyambire malo ano, wothandiza sanalembedwepo dzina pakhoma. Miyezi itatu, Amayi. Ndinakuuzani chaka, ndachita m'miyezi itatu!

Kozue ndiye sakugwirika. Anamubwerekera zovala zenizeni za ukwati, anamupaka zoyera kumaso, tinamujambula ndi kamera tsiku lathunthu. Ankangoti, "Mundijambule mbali iyi, inayi ndi ya ana a sukulu. Wa kumapiri, uchotse chiphuphuchi, apo ayi ukwati ndiuthetsa." Nditamukumbutsa za chenjezo lathu anati, "Akanditenga anditengeretu, lendi ya mwezi uno yandikwana."

Ndikudziwa chimene mukuganiza. Koma taganizani bwino. Chenjezo lija ndi la zithunzi za ku kachisi, zimene wansembe waziwerengera mapemphero. Ichi ndi cha m'nyumba yoonetsera zaluso, mmene anthu amalowa ndi zakumwa m'manja. Ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ndipo achimwene, amene kutali kwawo konse kunali ku Sendai, aonedwa ndi dziko lonse. Kodi zimenezi si zabwino kuposa khoma la mdima la paphiri paja, pakati pa zithunzi mazanamazana zodyedwa ndi nkhungu?

Ndinayenera kukupemphani kaye, ndikudziwa. Koma mwayi sudikira kalata.

Wanu,
Tomoe

Kawaguchi, 11 Ogasiti

Amayi,

Ndili bwino. Ndikhulupirira kutenthaku sikukufooketsani, muzimwa madzi ngakhale musanamve ludzu.

Kalata yanu ndinailandira, ndipo ndaiwerenga kokwanira. Mawu akuti ndagulitsa mbale wanga ndi olemera, Amayi. Sindinalandire kanthu kapadera. Ndipo kunena kuti ndikauze Aphunzitsi asinthe nkhope n'kusadziwa mmene zinthu zimayendera kuno. Tapaka kale kasanu ndi kawiri. Anthu khumi akugwira ntchito pa chithunzi chimenechi. Ine ndikaime pakati pawo n'kunena kuti amayi anga akuopa mizimu?

Ku mwambo wokumbukira akufa wa Bon sindibwera, tchuthi palibe. Moto wolandirira mizimu pakhomo muyatse ndi a Konno, musagwade nokha pamiyala paja. Ku manda mukaike mapichesi, achimwene sankakonda mavwende ngakhale inu mumaumirira kuti ankakonda. Ndipo mukamawalankhula musawauze kumene ndikukhala. Ndikungocheza.

Kuno kukutentha moti phula la mumsewu likumata nsapato. M'fakitale muno ndiye ng'anjo yeniyeni, tonse tikugwira ntchito matawulo onyowa ali m'khosi. Kozue yekha ndiye wavala juzi. Dzana anawonjezera ina pamwamba. Anzathu akumuseka kuti wayamba kuzolowera kwa apongozi ake. Iyenso amaseka, koma masiku ano chibumu chake cha mpunga amangochiluma kamodzi n'kuchikulunganso. Chimfine cha m'chilimwe chimavuta kutha, mukudziwa.

Thabwa lija lili pomwepo. Ndilipitiriza ndikapeza mpata.

Tomoe

Kawaguchi, 22 Sepitembala

Okondedwa Amayi,

Pepani kuti ndakhala chete nthawi yaitali. Ine thupi lili bwino, tulo tokha ndi timene tikuvuta. Bondo lili bwanji? Mpunga wa chaka chino akamweta musanyamule matumba, ngakhale aang'ono. Munthu wokonza denga muitaneni tsopano, mu Novembala amakhala wotanganidwa. Ndipo m'nyengo ya chipale ikubwerayi mulembe anthu a ntchito imeneyo, ndidzatumiza zowalipira. Pasapezeke wa m'banja mwathu wokweranso pamwamba paja.

Nkhope ndafika nayo pa kupaka kwa khumi ndi chiwiri. Ndi yaitali ngati chitseko. Ndimakhala pa nsanja tsiku lonse, ine ndi diso limodzi lalikulu ngati beseni. Aliyense akuti sanaonepo ntchito yotere muno. Aphunzitsi anaima pansi panga Lolemba n'kunena kuti, "Ikupuma." Mawu amodzi okhawo, koma anzanga anandiyang'ana ngati ndapambana mpikisano. Masaya ake ali ndi magazi, Amayi, ngakhale ndapaka zoyera zokhazokha. Sindikudziwa kuti kufiirako kukuchokera kuti.

Mwini nkhope ndiye watha. Anapita ku chipatala, akuti magazi achepa, mwinanso ndi fungo la mankhwala osungunulira utoto limene wapuma zaka zisanu. Anamupatsa mapiritsi. Amabwerabe ku ntchito, akuti akufuna aone mapeto a ukwati wake. Akandipatsira burashi zala zake zimandizizira mpaka m'chigongono.

Lachisanu masana tili pa masitepe paja anati, "Wa kumapiri, kwanu makwerero mumamanga nsanza yofiira pa phazi lachitatu?"

Ndinati bwanji.

"Ndikumalota zopusa. Nyumba ya denga la buluu, chipale mpaka m'mawindo. Pamwamba pali mwamuna akugwetsa chipale ndi fosholo, sanditembenukira. Amangoti, tagwirako makwererowa. Ulemu ali nawo, ndisaname. Tsiku lililonse ndimayandikira pang'ono. Dzulo ndinatsala pang'ono kugwira, ndinaona kansanza kofiira." Kenako anaseka. "Amuna a kwanu ndi otero? Kufunsira mkazi ndi ntchito?"

Amayi, ine ndinangowauza kuti achimwene anamwalira pangozi. Za denga sindinauze munthu muno. Kapena ndinanenapo ndili wotopa, n'kuiwala? Nsanza ija inali yofiira kapena ya mtundu wina? Munaimasula liti? Tandiyankhani zimenezi zokha.

Ndinamuuza kuti mwina tipemphe Aphunzitsi asinthe nkhope pang'ono, kachibwano kokha ndi kadontho ka pansi pa diso. Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. "Ooo, dzina lako pakhoma lokha ndiye labwino, nkhope yanga ayi? Nsanje yako yachedwa, mwali. Ine ndi magazi chabe, ndidya chiwindi." Masiku awiri sanandilankhule.

Thabwa ndalikulunga m'bulangete. Likakhala poyera ndimaona ngati malo opanda kanthu a pambali pa achimwene aja akucheperachepera.

Mwana wanu,
Tomoe

Kawaguchi, 20 Okutobala

Amayi,

Ndili moyo. Inu mukhale bwino.

Kozue anagwa Lachiwiri m'mawa tili pamzere, lamulo lija lili pakamwa. Ali m'chipatala. Akumuika magazi koma akuti thupi silikuwasunga. Amake akuchokera kuzilumba, ulendo wa masiku awiri. Ndinapita kukamuona, anali m'tulo, mabulangete atatu, dzanja lili lofumbata ngati wagwira chinthu.

Nkhope ndinamaliza Lolemba, tsiku limodzi iye asanagwe. Chithunzi chinyamuka pa 1 Novembala.

Ndaikamo khadi loitanira anthu ku chionetsero. Onani kumunsi, zilembo zing'onozing'onozo. Ndi dzina lathu, Okuyama. Ndinkafuna mulione losindikizidwa ngakhale kamodzi.

Mwati nsanza inali yofiira, ndipo ikadali pomwepo. Chabwino.

Pitani kwa wansembe wa paphiri mukamufunse ngati chithunzi chimene sichinawerengeredwe mapemphero chimagwira. Musatchule dzina langa. Muyankhe ndi kalata yofulumira, musaumire pa sitampa.

Tomoe

Kawaguchi, 3 Novembala

Okondedwa Amayi,

Moni. Ndili bwino, mapewa okha ndi amene akuwawa. Ndikhulupirira kuzizira sikunayambe kulowa m'bondomo.

Yankho lanu linafika. Mwati wansembe akuti m'mabuku ake mulibe za chenjezo lija, ndi zonena za anthu chabe, ndipo iye sangandiuze chochita. Ndinasangalala nditawerenga pamenepo, ndisaname. Kenako ndinaona mzere umene munawonjezera pansi ndi pensulo: mtsikanayo ali ndi amake. Amakewo ndinali nditawaona dzulo lake, kamayi kakafupi konunkhira nyanja, katakhala pa benchi ya chipatala nsapato zili pamiyendo chifukwa sikankadziwa poziika. Kanandiweramira n'kundithokoza kuti ndajambula mwana wake mokongola.

Lachinayi lapitali m'mawa, titangomaliza kunena lamulo pamzere, ndinakankhira nsanja pa chithunzi, ndinatenga sandipepa wokhakhala amene timakwechera matabwa, n'kukwera. Ndinayambira pa kadontho ka pansi pa diso. Palibe anandiletsa. Muno munthu sachita kanthu asanatumidwe, ndiye onse anangoganiza kuti ndatumidwa. Wina anachita kundigwirira nsanja kuti isagwedere.

Kupaka khumi ndi kasanu sikuchoka msanga, Amayi. Ndikachotsa nkhope imodzi, pansi pake pamatuluka ina yomweyo, yotuwirapo, ikundiyang'anabe. Ndinakwecha kuyambira eyiti koloko mpaka dzuwa litapendeka. Fumbi loyera linkagwa pang'onopang'ono, n'kumaunjikana pa mapewa akuda a achimwene ndi pa tsitsi lawo. Sindinayang'ane kumeneko kawiri.

Aphunzitsi analowa ndili pa milomo yomaliza. Anthu onse anaika maburashi pansi.

"Wakutuma ndani?"

"Palibe, Aphunzitsi."

"Ukudziwa kuti nkhopeyo ili m'kompyuta? Masiku khumi ibwerera, ndi dzanja la wina."

"Ndikudziwa. Ndikupempha kuti isabwerere."

"Chifukwa cha nthano za kwanu zija? Suja unkaseka?"

"Ndinkaseka."

Ndinatsika, ndinagwada pa simenti mphumi mpaka pansi, pamaso pa anthu onse amene ndinawadumpha m'miyezi itatu. Aphunzitsi sanandiyang'ane n'komwe. Anabwerera chafutambuyo mpaka kukhoma la kutsidya, n'kuima pamenepo akuyang'anitsitsa chithunzicho. Kenako anati, "Wina asakhudze. Fumbi la pamapewalo musalipukute, lipopereni zomatira likhale pomwepo." Anatembenukira kwa ine. "Chili bwino kuposa kale, ndipo zimenezo zikundinyansa. Nkhope sibwerera. Koma dzanja lodzilamula lokha muno mulibe malo ake. Dzina lako lichoka pakhoma. Katenge foni yako."

Ndinapempha kuti ndichotsenso achimwene. Anati, "Ameneyo unandipatsa wekha, ndipo alibe chimene angataye."

Ndiye achimwene anyamuka dzana m'bokosi la matabwa, Amayi, ndi mkwatibwi wopanda nkhope. Akathera m'nyumba ya munthu amene sitidzamudziwa. Pamenepo ndalephera, ndipo sindikudziwa kuti ndikupepeseni ndi mawu ati. Mukapita ku manda muyambe ndinu kuwauza, ine ndidzamalizitsa.

Dzulo ndinapita ku chipatala. Kozue anali atakhala tsonga, akudya, nkhani itamufika kale. Ndisanatseke chitseko lalanje linandipeza pachipumi.

"Mfiti iwe! Zaka zisanu ndikukwecha mitambo ya anthu, kamodzi kokha nkhope yanga ikanaonedwa ku Tokyo, iwe n'kuifufuta ngati mwaye wa pa poto? Unandifunsa? Inali yako?"

Ndinati sinali yanga.

"Adokotala akuti ndi mankhwala atsopanowa, ndiponso kuti ndachoka m'fungo lija. Wamva? Mankhwala! Osati iwe ndi mizimu ya kwanu!"

Anakalipa mpaka anamwino anabwera kudzaona. Anandikankha pachifuwa kuti ndituluke, ndipo dzanja lake linali lotentha. Mwina adokotala akunena zoona, sindikutsutsa. Ndinafuna kumufunsa ngati akulotabe, koma anali atatembenukira kukhoma. Akuti ndisadzapitenso. Amake anandiperekeza mpaka pa chikepe, n'kundipatsa lalanje lija.

Ndifika Lachinayi ndi sitima ya masana. Musabwere ku siteshoni, ndikwera basi. Ndinene pano kuti sindikubwera kudzakhala, musayambe kundifunira ntchito ku ofesi ya alimi. Chipale chikasungunuka ndibwerera kuno, kuli ojambula ena, ndipo tsiku lina padzakhala khoma la dzina langa lokha.

Thabwa ndamaliza, ndipo ndidzalinyamula ndekha kukwera phiri. Nkhope ya m'mutu yandikanikabe. Ndiye mkwatibwi ndamuveka chisoti chachikulu choyera chija akwatibwi amabisamo nkhope kuti aione mkwati yekha, ndipo ndachitsitsa mpaka pachibwano. Achimwene ndawaweramitsa pang'ono, akusuzumira m'katimo, akuseka. Zikuoneka kuti amene amuonayo wawasangalatsa.

Musadzandifunse kuti muli ndani. Inenso sindinasuzumire.

Ndine mwana wanu,
Tomoe